Mwana wanga sakhazikika pa homuweki, ndithandizeni nzeru

Amake Yamikani (Area 25):
Mwaswera bwanji makolo anzanga. Nkhaniyi ndaisunga nthawi yaitali, lero ndati ndiitule pano. Mwana wanga wamwamuna ali Sitandade 5, zaka 11. Chiyambire temu ino homuweki yasanduka nkhondo m'nyumba mwanga. Ine ndimagulitsa tomato ndi anyezi ku Nsungwi, ndimafika pakhomo cha m'ma 6 koloko. Ndikaika poto pa mbaula ndimamuuza kuti atulutse makope. Sakana ayi, amatulutsa. Koma akangokhala pamkeka amayamba kusongola pensulo. Akamaliza, ludzu. Akamwa madzi, akufuna kuchimbudzi. Akabwerako, lula yasowa. Dzulo masamu asanu okha tinakhala nawo mpaka 9 koloko, iye akulira, ine ndikukalipa, nsima mpaka kuzizira m'mbale. Ku Sitandade 3 ndi 4 ankakhoza bwinobwino, anakhalapo nambala 6. Pano ndikuchita kumudabwa. Amene zinakuchitikiranipo, munatani?

Bambo a Chikondi (Kawale):
Mayi, mwanayo waona kuti ndinu ofewa mtima. Ife tinkalemba pa koloboyi, utsi uli tho m'maso, bambo athu atakhala pambali ndi kamtengo. Palibe ankadzuka kukamwa madzi. M'mera mpoyamba. Mumukwapule kamodzi kokha, muona mawa akhala phee.

Amake mapasa (Area 36):
Phee akhaladi achimwene, koma m'mutu mulowa kanthu? Ine ndinayesa zimenezo pa mapasa angawa. Chomwe anaphunzira n'kukopera kwa anzawo m'mawa asanalowe m'kalasi, kuti ndikaona kope ndione zochongedwa. Ndinazindikira mayeso atatuluka.

Bambo a Chikondi (Kawale):
Ndiye tizingowayang'ana?

Amake mapasa (Area 36):
Ayi, sindinatero. Ndikuti tiyambe tadziwa chimene chikumudzutsa pamkekapo.

Madamu a Sitandade 5 (Chinsapo):
Ndalowa mochedwa, ndimachonga makope. Amake Yamikani, mwanena chinthu chimodzi chomwe ena sanachigwire: mwana ankakhoza ku Sitandade 4, wayamba kuvuta ku Sitandade 5. Ine ndaphunzitsa kalasi imeneyi zaka zambiri ndipo chaka chilichonse temu yoyamba ndimaona zomwezi. M'makalasi a m'munsi pafupifupi chilichonse mwana amachimva m'Chichewa, Chingerezi n'kukhala phunziro limodzi mwa maphunziro ena. Akafika Sitandade 5, masamu, sayansi, sosho, zonse mabuku ake ndi a Chingerezi. Mwana amene ankadziwa kuchotsera bwinobwino amapezeka kuti funso lomwe lili patsogolo pake sakulimva. Sikuti masamu amuthawa. Mawu ndi amene atseka chitseko.

Ndiye taganizani, mwana wa zaka 11 anene kuti "amayi, sindikumva"? Kwa mayi amene akudziwa kuti iye anali nambala 6? Amachita manyazi. Kusongola pensulo kuja, ludzu lija, nthawi zambiri kumakhala kuthawa manyazi amenewo.

Muyese ichi madzulo ano. Musamuuze kuti alembe. Mumuuze kuti akuwerengereni funso loyamba mokweza, kenako akuuzeni m'Chichewa kuti funsolo likufuna chiyani. Basi. Musamukonze, musakwiye, ingomvetserani pamene akukakamira. Mudzatiuze.

Za chikwapu, a Bambo a Chikondi, kusukulu za boma n'choletsedwa, ndipo ine ndimaona ana okwapulidwa kunyumba: dzanja sakweza, ngakhale yankho akulidziwa.

Amake Yamikani (Area 25):
Zikomo Madamu. Ine Chingerezi changa n'cha Fomu 2, koma funso la Sitandade 5 ndiyesetsa.

Anamwino (Area 18):
Ndiwonjezere za kuthupi, poti ndi kumene ine ndimadziwako. Choyamba ndi nthawi. Mwana amene wadzuka 5 koloko, wapita kusukulu, wasewera dzuwa la Okutobala lonseli, pofika 8 koloko usiku watha. Ana a zaka 6 mpaka 12 amafunika kugona maola 9 mpaka 12. Ngati akugona 10 koloko n'kudzuka 5, ndiye kuti tsiku lililonse akupita kusukulu ndi ngongole ya tulo. Mwana wosowa tulo sasinza ngati ife akuluakulu, ena amachita kutakataka, osakhala malo amodzi.

Chachiwiri, akaweruka amadya chiyani inu muli kumsika? Mwana wanjala sungamukhazike pansi. Sizilira zambiri, mbatata yophika, mkute, chigumu, kapena phala la Likuni lotsala m'mawa.

Chachitatu ndi maso, ndipo ichi makolo ambiri timachiiwala. Muimike kutali ndi kalendala ya pakhoma, atseke diso limodzi ndi dzanja, awerenge manambala, kenako diso linalo. Muonenso ngati amayandikitsa kope kumaso kwambiri, kapena amadandaula mutu akawerenga. Ngati zili choncho mupite naye akamuyeze, ku Kamuzu Central kuli chipatala cha maso. Mwana amene saona pabolodi amakopera zolakwika, ndiye kunyumba akulimbana ndi funso limene silinalembedwe n'komwe bwino.

Amake Yamikani (Area 25):
Za chakudya mwandikhudza. Ndimamusiyira ndalama ya mandasi, koma ndikudziwa kuti masiku ena imathera ku vidiyo sho.

Achimwene a ku Bunda:
Pepani makolo, ine ndilibe mwana, ndine wophunzira ku Bunda, koma patchuthi ndimathandiza ana a achemwali anga ku Area 49 ndiye ndinene zomwe ndaona. Vuto lalikulu kwathu linali loti homuweki inalibe mathero. Mwana akauzidwa kuti "khala pamenepo mpaka umalize", kwa iye zili ngati wauzidwa kuti akhala mpaka mawa. Ndinayamba kuika alamu pa foni, mphindi 15. Ndimawauza kuti ikalira mudzuka, mukathamange panja pang'ono, mubwerenso ina 15. Foniyo ndimaiika pamwamba pa kabati, osati pafupi nawo. Chodabwitsa n'choti nthawi zina ikalira wamkuluyo amati "dikirani ndimalize iyi".

Komanso ndimaphimba masamu enawo ndi pepala, aziona imodzi yokha. Tsamba lodzaza limawaopsa asanayambe n'komwe.

China, ndipo ndikupepesa ponena: ife akuluakulu ndi amene timasokoneza kwambiri. Achemwali anga ankati ana awerenge, iwo ali pa TikTok mawu ali pamwamba, alamu anga akuonera mpira pa TV chipinda chomwecho. Mwana wa zaka 9 angapirire bwanji chimene wamkulu akulephera?

Bambo a Chikondi (Kawale):
Pamenepo mwanena zoona mphwanga. Koma nyumba zathu zino ndi za zipinda ziwiri. Ndizimitse TV nthawi ya nkhani chifukwa cha homuweki?

Amake mapasa (Area 36):
Bwanji homuwekiyo ichitike nkhani zisanayambe? Kwathu lamulo ndi lakuti kusanade. Kuno pofika 6 koloko kwada kale, ndipo magetsi sungawadalire. Akafika, adye, apume, asewere pang'ono, 4 koloko pakhonde. Kuwala kwa dzuwa n'kwaulere, kandulo ndi wogula.

Amake Yamikani (Area 25):
Nanga 4 koloko ine ndili kumsika, amuyang'anira ndani?

Agogo a ku Mchesi:
Ana anga, uyu akulemba ndi mdzukulu wanga, ine ndikungonena. Ine sukulu sindinapiteko, nthawi yathu inali yolipira, bambo anatumiza alongo anga okha. Yaulere inabwera 1994 ine ndili kale ndi ana anayi. Koma ndikulera adzukulu atatu ndipo onse amalemba. Ndimayala mkeka pansi pa mtengo wa mango, ine ndi lichero langa ndikusankha nyemba, iwo ndi makope awo. Sindiyankhula. Wina akadzuka ndimangomuyang'ana, amakhalanso. Akamaliza ndimati tandiwerengerani zomwe mwalembazo, agogo anu amveko. Zachingerezizo sindimva, koma ndimadziwa mwana akamawerenga chinthu chomwe akuchidziwa ndi pamene akungong'ung'udza. Mawu ake amasiyana. Ndiye ndimati pamenepo bwereza, undiuze m'Chichewa.

Amake mwana, pamene mukukhalapo palibe gogo kapena neba amene amakhala pakhomo masana? Safunika wodziwa masamu. Afunika munthu wokhala pansi.

Amake Yamikani (Area 25):
Agogo, mwandikumbutsa. A landilodi athu ndi mayi achikulire, amakhala pakhonde tsiku lonse akuluka. Mdzukulu wawo ali Sitandade 6. Ndikawapempha.

Mayi a ku Mtandire:
Ine ndili ndi funso lina koma lomwelo. Tikukamba za anyamata osongola pensulo, nanga atsikana? Wanga ali Sitandade 7. Ndikunena zoona zanga pano: akaweruka amakatunga madzi pa kiyosiki, mzere wake mukuudziwa, abwere atsuke mbale, asambitse mng'ono wake, nthawi zina kuchigayo. Mlongo wake wa Sitandade 6 amakhala ali ku chikulunga. Pofika usiku mtsikana uja amagona pakope, tochi ili m'manja. Aphunzitsi ake anandiitana kuti mwanayu walowa pansi, ndipo ine ndinamukalipira kuti ndi waulesi. Nditawerenga zomwe alemba anamwino za tulo, ndakhala ndikuganiza kuti waulesi ndani pamenepa, mwana amene wagwira ntchito maola anayi asanatsegule kope?

Bambo a Chikondi (Kawale):
Koma mtsikana ayenera kuphunzira ntchito zapakhomo mayi. Mawa adzatinyozetsa.

Mayi a ku Mtandire:
Ntchito akuzidziwa kale achimwene, kuposa ine. Chomwe sakuchidziwa ndi mafulakishoni. Ndipo chaka chamawa akulemba mayeso a MANEB a Sitandade 8, sadzamufunsa kutsuka mbale. Mnyamatayo manja ali nawo, chigubu angathe kunyamula.

Madamu a Sitandade 5 (Chinsapo):
Mayi a ku Mtandire, musadziimbe mlandu kwambiri, madzi ayenera kutungidwa ndithu ndipo inu muli nokha. Koma gawani. Ndipo pali chinthu chimodzi chaching'ono chimene ndimapempha makolo pamsonkhano uliwonse: mwana akakhala pa homuweki, musamutume. "Tangothamanga ukagule mchere", "tandipatsira chikho", "taona mwana akulira". Timaona ngati n'zachabe poti ndi mphindi ziwiri, koma akabwera amayambanso kufufuza pomwe anasiyira. Mukamutuma katatu, theka la ola latha. Ndipo mwanayo amaphunzira kuti m'nyumba muno mchere ndi wofunika kuposa kope. Mcherewo ugulidwe asanakhale pansi.

Amake mapasa (Area 36):
Ili ndi langa ndithu. Ndimatuma osaganiza.

Bambo wa kabaza (Area 23):
Funso kwa Madamu. Nanga part time? Anzanga onse akuti ndi yokhayo yothandiza. Ine ndalama zake zimandivuta, koma ngati ndi njira ndidzipanikiza.

Madamu a Sitandade 5 (Chinsapo):
Zimatengera kuti kumeneko akuchita chiyani. Ngati ndi ana 60 m'chipinda chimodzi, mphunzitsi akulemba mayankho pabolodi iwo n'kumakopera, ndiye mwalipira kuti mwana atope kawiri. Mupite tsiku lina mwadzidzidzi mukaime pawindo. Ngati mupeza wina wakhala naye pafupi, akumufunsa kuti "wapeza bwanji yankho limeneli", pamenepo ndalama yanu ikugwira ntchito. Mwana wanu ali kalasi yanji?

Bambo wa kabaza (Area 23):
Sitandade 2.

Madamu a Sitandade 5 (Chinsapo):
Aa, wa Sitandade 2 musamuvutitse ndi part time bambo. Mphindi 10 kapena 15 patsiku zakwana. Muzimutolera zitsekerero za mabotolo mukamayenda, aziwerengera masamu. Aziwerenga maphatikizo mokweza, ba be bi bo bu, kenako mawu, inu mukumvetsera. Mukadutsa naye pamsewu mumufunse zolembedwa pa magolosale. Wamng'ono chotero akakhala ola lathunthu pakope amangoyamba kudana nalo.

Achimwene a ku Bunda:
Kwa amene ali ndi ana okulirapo, Loweruka kapena patchuthi kuli National Library ku City Centre. Ine Fomu 4 ndinawerengera kumeneko chifukwa kwathu kunali phokoso la mabawa usiku wonse. Kuona anthu ena onse ali chete akuwerenga kumakukhazika pansi wekha. Ndikudziwa kuti thiransipoti ndi nkhani, koma ngakhale kamodzi pamwezi.

Amake Yamikani (Area 25):
Makolo, ndabweranso. Pepani ndinasowa masiku awiri, ndimafuna ndiyese kaye.

Madamu, munalasa. Lachiwiri ndinafika, sindinakalipe, ndinamupatsa kaye chinangwa ndi tiyi. Kenako ndinati tawerenga funso loyamba. Linali lakuti "Find the difference between 805 and 367". Kuwerenga anawerenga, movutikira pa "difference" paja. Ndinati likufuna chiyani? Anakhala chete nthawi yaitali, akukanda mkeka ndi chala. Kenako anati, "Akuti tinene kusiyana kwake." Ndinati eya, ndiye kusiyana kwake n'chiyani? Anati, "Iyi ndi yaikulu, iyi ndi yaing'ono." Ndinayang'ana m'kope mmbuyomo, ndinapeza kuti sabata yatha funso ngati lomweli analemba chimodzimodzi, n'kulandira mtanda wofiira. Mwana wanga sankadziwa kuti akungomuuza kuti achotsere.

Ndinamuuza kuti 805 kuchotsapo 367. Sanadzuke, sanafune madzi. Anabwereka bwinobwino monga anaphunzirira, n'kulemba 438. Mphindi imodzi sinakwane. Atatero anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndi zomwezi basi?" Ine misozi inalengeza, ndinapita kukatakasa ndiwo kuti asandione. Miyezi iwiri ndakhala ndikumutchula waulesi.

Za maso tinayesa ndi kalendala ya kutchalitchi, akuona bwino mbali zonse. A landilodi avomera, dzulo analemba pakhonde pawo ndi mdzukulu wawo uja. Sanamalize zonse, anasiya ziwiri zimene sanazimve, tinaonera limodzi nditafika. Pofika 8 koloko anali atagona.

Agogo a ku Mchesi:
Zikomo mwana wanga. Mukawathokoze mayiwo, ngakhale ndi tomato wa mulu umodzi.

Madamu a Sitandade 5 (Chinsapo):
Ndasangalala kwambiri. Tsopano musalekere pomwepo, chifukwa mawu amenewa ndi ambiri ndipo azibwerabwera mpaka Sitandade 8, kumene mapepala onse kupatula la Chichewa amalembedwa m'Chingerezi. Tengani tsamba lomaliza la kope la masamu, mulembe mzere pakati. Uku mawu a Chingerezi, uku tanthauzo lake m'mawu a iye mwini. "Difference" achotsere. "Altogether" ndi "sum" aphatikize. "Product" achulukitse. "Share equally" agawe. "Remainder" ndi chotsala. Alembe yekha, osati inu, ndipo liwu latsopano likapezeka aziwonjezera. Asanayambe funso lililonse azidula mzere pansi pa liwu limene likumuuza chochita.

Ziwiri zomwe anasiyazo anachita bwino kusiya. Makolo ambiri amalembera ana kapena kuwauza mayankho kuti kope lioneke loyera. Ine ndikaona zonse zili zokhoza ndimapitirira mutu wina, ndikuganiza kuti amva. Kuli bwino alembe pambali kuti "sindinamve", ndidziwe pobwerera. Ndipo mukapeza mpata mukaonane ndi aphunzitsi ake, muwauze zomwe mwatiuzazi. M'kalasi ya ana ochuluka chonchija mphunzitsi amaona mtanda, saona chifukwa chake.

Bambo a Chikondi (Kawale):
Ndawerenga zonse. Ine pa nkhani ya mwambo sindinasinthe, mwana ayenera kudziwa kuti pakhomo pali wamkulu. Koma usiku wathawu ndinamuyesa Chikondi monga ananenera Madamu. Notsi za sayansi amaziloweza zonse, amanena ngati pemphero. Nditamufunsa kuti "evaporation" n'chiyani m'Chichewa, anangoti kukamwa yasa. Ndinamutengera pa mbaula, ketulo ikuwira, ndinati nthunzi iyi ikuchokera kuti, nanga zovala zonyowa pachingwe madzi ake amapita kuti. Anaseka, akuti bambo bwanji osanena kale. Kamtengo kaja sindinakagwire.

Mayi a ku Mtandire:
Kwathu mnyamata wayamba kutunga madzi Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Akudandaula kuti anzake akumuseka pa kiyosiki. Ndamuuza kuti azipita m'mawa. Mtsikana dzulo analemba kukuwala, koma mafulakishoni akadali kumuvuta, ndipo ine sindiwatha. Alipo wa kufupi kuno amene angamuonetseko?

Achimwene a ku Bunda:
Ine ndibwera ku Area 49 Lachisanu madzulo. Loweruka m'mawa atha kubwera kwa achemwali anga, ndikhala ndi ana awo pa masamu omwewo. Abwere ndi kope lake ndi mapepala akale a nyuzi, tizipinda ndi kudula, mafulakishoni amaoneka bwino akakhala m'manja. Ndikutumizirani malo kumbali.

Amake Yamikani (Area 25):
Madamu, funso lomaliza. Ndikuona kuti Chingerezi chenichenicho n'chimene chatsalira. Ndimuyambitse buku liti? La Sitandade 5 likumulemera.

Madamu a Sitandade 5 (Chinsapo):
Mubwerere mmbuyo, la Sitandade 4 kapena la 3 limene, tsamba limodzi patsiku mokweza, kenako akufotokozereni nkhaniyo m'Chichewa. Musamuuze kuti ndi la ana, mungoti akuwerengereni inu. Mufunse kwa ahedi ngati angakubwerekeni.

Amake mapasa (Area 36):
La Sitandade 4 ndili nalo, ndinagula mapasa ali kalasi imeneyo, chikuto chinachoka koma masamba onse alimo. Loweruka ndikupita ku chinkhoswe cha msuweni wanga ku Area 25 komweko. Ndidzera ku Nsungwi cha m'ma 10. Benchi yanu ili mbali iti?

Amake Yamikani (Area 25):
Mukalowa mufunse mzere wa tomato, ndimavala chitenje chobiriwira cha Mvano. Ndibwera naye Yamikani adzalandire yekha.